Kodi ndikamayimba kutsogolo ndikuyimbira Mulungu kapena ndikudziyimbira ndekha?

Achemwali, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Mwati mwakhala mukutsogolera pulezi timu kwa zaka zitatu, koma masiku ano mtima sukukhala m'malo chifukwa mwazindikira kuti mapemphero akangotha chinthu choyamba ndi kutsegula foni kuona ngati vidiyo ija yaikidwa pa Facebook ndi zomwe anthu alembapo, kuti tsiku lomwe anthu sanaimirire olo kukweza manja mumabwerera kunyumba okhumudwa ngati zonse zalephereka, komanso kuti mnzanu wina akapatsidwa maiki nkuyimba bwino kuposa inu pamakhala kena kake kokudyani mkati. Kenako mkulu wina wa mpingo wakuuzani kuti vuto ndi makolasi anuwo, akuti angodzadza ine ine ine ndi kuvina, bola mubwerere ku nyimbo za m'buku. Nde mukufunsa kuti kodi ndingosiya ndizikakhala pa benchi la kumbuyo?

Musasiye. Ndayamba ndi zimenezo kuti mtima ukhale kaye pansi, zinazi tikambirane pang'onopang'ono.

Ine ndaphunzitsa makwaya zaka zoposa 30, kumudzi ndi mtauni momwe, ndipo nthenda mukunenayi ndaiona mu kwaya ya yunifomu yoyimba ndi manotsi, ndaiona mwa alaliki, mwa opemphera pagulu, mwa ine ndemwe. Siinabwere ndi kiyibodi ayi. Ndiye akulu ampingo aja aona utsi weniweni, muwalemekeze pa zimenezo, kungoti aloza moto pamalo polakwika.

Tiyambe ndi ka mawu aka koti ine. Tsegulani Salimo 23. Yehova ndiye mbusa wanga, sindidzasowa, andigonetsa, anditsogolera, atsitsimutsa moyo wanga. Muli wanga ndi ine paliponse, koma palibe anganene kuti Davide akudzitama, chifukwa amene akugwira ntchito mu salimo lonselo ndi Mulungu, Davide ndi nkhosa chabe yongotsogozedwa. Kenako pitani pa Luka 18 kuyambira vesi 9, anthu awiri aja analowa m'kachisi kukapemphera. Onse awiri anatchula Mulungu, onse awiri anadzitchula okha. Mfarisi anayamba bwino ndithu ndi kuyamika, koma tamverani zotsatira, sindili ngati anthu ena, ndimasala kudya kawiri pa sabata, ndimapereka chakhumi pa zonse zomwe ndapeza. Wamsonkho uja anaima patali nkungoti Mulungu mundichitire chifundo ine wochimwa. Yesu akuti amene anapita kwawo woyesedwa wolungama ndi wachiwiriyu. Chichewa chathuchi chimatithandiza kwambiri apa chifukwa wochita chinthu amaonekera kumayambiriro kwa mawu penipeni. Tengani nyimbo zonse zomwe timu yanu yayimba mwezi uno, muzilembe pa pepala, kenako muone mawu aliwonse akuyamba bwanji. Ngati mwadzadza ndidzakwera, ndidzapambana, ndidzaoneka, ndiye mwadziwa mwini nyimbo ndi ndani. Ngati mwadzadza munandifera, munandikhululukira, mumasunga, ndinu woyera, mwadziwanso. Sindikuti nyimbo yoti ndidza- ndi tchimo, m'Masalimo muli ndidzayimba ndi ndidzalemekeza wambirimbiri, koma mukapeza kuti mwezi wathunthu simunayimbepo za mtanda, za kuuka kwa Yesu, za chiyero cha Mulungu olo za tchimo lathu, mwangoyimba za kutsegukiridwa makomo basi, pamenepo pakufunika kukonza.

Ndipo pali mtundu wina wa makolasi womwe umandipweteka mtima kwambiri, aja onena za adani. Agogo athu anali ndi nyimbo za pamtondo, mayi akusinja chimanga uku akuyimba mophiphiritsa kuti mkazi mnzake kapena apongozi amve kuseri kwa nkhokwe. Pamtondo zinali ndi malo ake. Koma ndaonapo nyimbo ya pamtondo itavekedwa dzina la Yesu nkulowa nayo m'tchalitchi, munthu akuyimba kuti ondida adzachita manyazi uku diso lili pa benchi lachitatu pomwe pakhala yemwe anakangana naye Lachinayi. Anthu amavina kwambiri nyimbo zoterezi chifukwa aliyense ali ndi wake yemwe akumuganizira, koma Mulungu mmenemo wangosanduka chibonga chomenyera anzathu. Ngati mu mndandanda wanu muli yotere, imeneyo ndiye muichotse lero lomwe.

Za kuvina ndi zida sinditaya nthawi yambiri chifukwa mkangano umenewu ndi wakalekale ndipo sunathetsepo nthendayi. Augustine, bishopu wa ku Hippo, dziko lomwe lero ndi Algeria, yemwe anamwalira mu 430, analemba yekha kuti nthawi zina kukoma kwa mayimbidwe kunkamugwira mtima kuposa mawu oyimbidwawo ndipo ankaziona ngati kulakwa, komabe sanafune kuti kuyimba kuthe chifukwa ankakumbukira misozi yomwe anakhetsa pomva nyimbo za mpingo atangotembenuka. M'zaka za m'ma 1520 Zwingli, mtsogoleri wa mpingo ku Zurich, munthu woti ankadziwa kuyimba zida zingapo, anachotseratu nyimbo m'mapemphero. Calvin, mtsogoleri wa mpingo ku Geneva, analola masalimo koma opanda zida. Martin Luther wa ku Germany ndiye ankapeka nyimbo yekha kuti anthu wamba aziyimba m'chinenero chawo. Kwathu kuno amishoni ambiri oyamba ankakana ng'oma m'tchalitchi, pomwe Donald Fraser uko ku Mzimba ankalimbikitsa Angoni, anthu ngati Mawelera Tembo, kupeka nyimbo za Mulungu pa mayimbidwe a kwawo. Onsewa ankaopa Mulungu ndipo sanagwirizane. Davide anavina ndi mphamvu zake zonse pamaso pa likasa pa 2 Samueli 6, mkazi wake Mikala atamunyoza anayankha kuti ndinavina pamaso pa Yehova. Mawu akuti pamaso pa Yehova ndi omwe akunyamula nkhani yonse. Munthu atha kuvina pamaso pa Yehova, athanso kuima chilili ndi buku la nyimbo m'manja, tayi ali pakhosi, uku akukoka besi dala kuti tchalitchi chonse chidziwe kuti lero wabwera.

Chizindikiro chomwe ine ndimayang'ana kwambiri si mtundu wa nyimbo. Ndimayang'ana zomwe oyimba amachita akamaliza kuyimba. Mwaonapo nokha, kwaya yayimba nyimbo zake ziwiri, anthu aombera m'manja, mlaliki akungotsegula Baibulo iwo mmodzimmodzi akutuluka, ena akukamwa madzi, ena ali pansi pa mtengo ndi mafoni, woyimba kiyibodi akubwerera ulaliki ukutha kuti adzaike kanyimbo kapansipansi. Munthu wotero wanena yekha ndi miyendo yake kuti gawo lofunika la mapemphero linali pomwe iye amamveka. Inuyo dzifunseni, tsiku lomwe simuli pa pulogalamu mumafika nthawi yanji kutchalitchi? Mumayimba ndi mtima womwewo muli pakati pa anthu popanda maiki? Kunyumba Lachiwiri, popanda wokuonani, nyimbo imatuluka?

Tsopano ndifike pomwe ndikuona kuti mwakodwa. Mwazindikira kuti maso anu ali pa inu mwini, nde mankhwala omwe mwasankha ndi kudziyang'anitsitsa kwambiri, kumadzifunsa pa vesi iliyonse kuti kodi panopa ndadzichepetsa mokwanira, kodi dzanja ndakwezali ndakwezera ndani. Achemwali, mukatero maso akadali pa inu pomwepo, mwangosintha kuchoka pa kudzitama kupita pa kudzida. Luther ankati tchimo limamupinda munthu kuti azingoyang'ana mkati mwa iye yekha, ndipo wopindika chotero saongoka poyang'anitsitsa pamimba pake, amaongoka pakakhala china chachikulu kutsogolo choti adzutsire mutu. Yesaya 6 imayenda motero. Yesaya sanayambe ndi kudzisanthula, anayamba waona Ambuye atakhala pa mpando wachifumu wautali, aserafi akufuula Woyera Woyera Woyera, kenako ndi pomwe anati tsoka kwa ine, kenako khala lamoto linakhudza milomo yake tchimo nkuchotsedwa, kenako ndi pomwe anati ndilipo nditumeni. Kudziona kuchepa kunabwera kokha ataona ukulu wa Mulungu. Nde ntchito yanu yaikulu mkati mwa sabata si kukumba mtima wanu ayi, ndi kudzadza mutu ndi Mulungu ameneyu, kuwerenga, kusinkhasinkha mawu a nyimbo yomwe mukayimbe mpaka mudziwe kuti mzere uliwonse wachokera pati m'Malemba. Ma pulakatisi ambiri omwe ndapitako amatha maola awiri akukonza pomwe alto alowere ndi sitepe yovinira, osapatula olo mphindi khumi kufunsana kuti kodi nyimboyi ikunena chani za Mulungu.

Yohane Mbatizi anapereka fanizo lomwe ife tingalimve msanga chifukwa maukwati timawadziwa. Ophunzira ake atabwera kudzadandaula kuti anthu onse akupita kwa Yesu, pa Yohane 3:29-30, anati mwini mkwatibwi ndi mkwati, ine ndine bwenzi la mkwati, ndimaima nkumamvera mawu ake ndipo ndimakondwera, iyeyo ayenera kukula koma ine ndichepe. Taganizani besitimani pa ukwati. Amavala bwino, amaonekera, amaima kutsogolo penipeni, savala chiguduli pofuna kuonetsa kudzichepetsa chifukwa kutero nkunyozetsa ukwati. Koma ntchito yake ndi kupukuta thukuta la mkwati, kumukonza kolala, kugwira mbale pa pelekanipelekani. Besitimani amene akufuna kuti mkwatibwi aziyang'ana iyeyo ndi munthu woopsa, ankhoswe angamutulutse. Mpingo ndi mkwatibwi wa Khristu. Inu mukaima kutsogolo ndi maiki mwaima pa malo a bwenzi uja. Yimbani bwino ndithu, konzekani, valani mwaulemu, mawu abwinowo anakupatsani ndi Mulungu ndipo kuyimba mosasamala si uzimu. Kungoti mtima wa mkwatibwi si wanu.

Ndikuuzeni zomwe zinandisintha ineyo. Tsiku lina tili mkati moyimba pa mpingo wina waukulu ndithu, masipika anayi, kiyibodi, ma gitala, magetsi anangoti thi. Ndipo m'tchalitchi monse munangoti zii. Anthu mazanamazana, milomo inali ikugwedera koma mawu munalibe, kutanthauza kuti nthawi yonse ija ife timaganiza kuti mpingo ukuyimba, umangotionerera. Nyimbo yake inali yatsopano, kiyi yake inali yokwera yokomera mtsikana wathu wotsogolera yekha, ndipo phokoso la masipika limabisa zonsezi. Patapita kanthawi gogo wina chakumbuyo anayambitsa nyimbo yakale yomwe aliyense amaidziwa, anthu anailandira, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri ndinamva mawu a mpingo, azibambo, ana, amayi, ena osemphana ndi kiyi, koma onse. Ndinalira. Ndinazindikira kuti tinawalanda anthu a Mulungu nyimbo yawo nkuwasandutsa oonerera, ndipo tinkachita zimenezi tikuganiza kuti tikutumikira.

Nchifukwa chake ndimauza oyimba anga kuti sukulu yabwino ya kupembedza ili pa siwa. Kumaliro usiku amayi a Chigwirizano kapena a Mvano amayimba mpaka kucha, palibe maiki, palibe woombera m'manja, palibe wojambula, nthawi zambiri sudziwa nkomwe kuti wayambitsa nyimbo ndi ndani, wina mawu akatha wina amalandira. Aliyense akudziwa chomwe abwerera, kutonthoza ofedwa ndi kukumbutsana za Mulungu woukitsa akufa. Ngati timu yanu siinagonepo pa siwa la mkhristu mnzanu wosauka, yemwe kwawo kulibe tenti olo jenereta, pitani mukagone. Mudzabwerako ena.

Zochita zake ndi zazing'onozing'ono ndipo zambiri mutha kuyamba Lamulungu likubwerali. Tsitsani kiyi ifike pomwe bambo wamba ndi gogo angakwanitse, olo zitatanthauza kuti mawu anu apamwamba aja samveka. Uzani wa pa mikisa atsitse voliyumu mpaka inu muli kutsogolo muzimva anthu, ndipo pa nyimbo imodzi vesi yomaliza zida zonse zisiye, nanu muchotse maiki pakamwa. Nyimbo yatsopano ikhale imodzi basi ndipo muibwereze masabata angapo kuti anthu aitole, ndipo ya Chingerezi muganize kawiri ngati theka la mpingo silikumva, Paulo pa 1 Akorinto 14 akuti ndidzayimba ndi mzimu komanso ndi chidziwitso, ndipo akufunsa kuti munthu anganene bwanji Amen pa zomwe sakuzimva. Pakati pa nyimbo musamalankhule kwambiri, vesi imodzi ya m'Baibulo imaposa mphindi zisanu zokuwa kuti sindikukumvani, kwezani mawu, ngati uli ndi moyo kuwa. Kukalipira anthu kuti aoneke otenthedwa nthawi zambiri kumathandiza wotsogolera kumva bwino, osati iwowo.

Apa ndikhudze zija mwati mumakhumudwa anthu akapanda kuimirira. Inu simuona mitima. Mayi uja wakhala pansi maso ali pansi mwina ndi amene akupembedza kuposa onse, mwina mwana wake ali kuchipatala ndipo mawu amodzi a nyimbo yanu ndi omwe amugwira kuti asagwe. Komanso woyimba aliyense wodziwa ntchito amadziwa kuti misozi itha kupangidwa, kiyibodi ikatsika, ng'oma nkumakwera pang'onopang'ono, mzere umodzi nkuubwereza kakhumi, thupi limachita tsembwe ndithu, zomwezi zimachitikanso ku shoo ya nyimbo zachikunja. Kumva bwino si koipa, Mulungu anatilenga ndi mitima yomva, koma si sikelo yoyezera ngati Mulungu walemekezeka. Pa Amosi 5:21-24 Mulungu anauza Aisraeli kuti chotsani phokoso la nyimbo zanu sindikufuna kumva azeze anu, chomwe ankafuna ndi chilungamo chiyende ngati madzi. Nyimbo zinali bwinobwino, koma oyimbawo ankapondereza osauka ndi kulandira ziphuphu mkati mwa sabata. Chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Nde ngati mukufuna sikelo, onani mmene mukulankhulira ndi wantchito wa pakhomo panu Lolemba, onani ngongole ija munalonjeza kubweza.

Za foni ndinene mosabisa. Kuulutsa mapemphero kumathandiza odwala ndi abale athu ali ku Joni ndi maiko ena, sindikuletsa. Koma inuyo panokha, mmene mwafotokozeramu, vidiyo imeneyo yasanduka kalilole. Ipumitseni miyezi iwiri olo itatu, osaionera, osawerenga makomenti, ngati pakufunika kuona zolakwika za mayimbidwe aone wina akuuzeni pa pulakatisi. Ndipo pemphani ojambula kuti kamera isamangokhala pa nkhope ya wotsogolera. Wina akakuyamikirani kuti mwayimba bwino musachite kuzinyenga kuti aaa si ine, ingonenani zikomo, tithokoze Mulungu, kenako mufunseni kuti mawu ati akukhudzani, mwatero nkhani yachoka pa inu yapita pa uthenga. Kuyamikiridwa wamba nkosiyana ndi kuja kwa ku Lustra pa Machitidwe 14 pomwe anthu anafuna kupereka nsembe kwa Paulo ndi Barnaba, iwo nkung'amba zovala zawo kukuwa kuti ifenso ndife anthu ngati inu. Koma tsiku lomwe mudzamve wina akuti ine ndimabwera kutchalitchi chifukwa cha inu, mukapanda kuyimba sindimva kalikonse, pamenepo musamwetulire, mukhale naye pansi mumuthandize.

Mnzanu uja woyimba bwino. Nsanje siichoka poikana, imachoka poipha ndi njala. Mutchuleni dzina m'pemphero tsiku ndi tsiku, kupempha kuti Mulungu amugwiritse ntchito kuposa inu, poyamba pakamwa padzalemera koma pitirizani. Kenako mupatseni nyimbo ija mumaikonda kwambiri, ija anthu amati ndi yanu, inu muime kumbuyo muzimuthira mawu apansi. Zidzawawa Lamulungu loyamba. Kuwawako ndi umboni woti mwakhudza pomwe pali chilonda.

Ndisanamalize, nkhaniyi si ya oyimba okha, ndipo sichilungamo kuti achinyamata a pulezi timu azisenza okha mlandu wa mpingo wonse. Pa pepa Sande timaitana munthu ndi dzina ndi udindo wake, kulengeza ndalama zomwe waponya, kumuombera m'manja molingana ndi kukula kwa ndalamazo, pomwe Yesu pa Mateyu 6 anati dzanja lamanzere lisadziwe zomwe lamanja likuchita, ndipo yemwe anamuyamikira pa Marko 12 ndi mayi wamasiye wa tindalama tiwiri. Mlendo wa galimoto timamupatsa sofa kutsogolo ngati kuti Yakobo 2 sitinaiwerengepo. Umboni umatha mphindi 15 ukunena za mtundu wa galimoto ndi ulendo wa pa ndege, Yesu nkungotchulidwa kumapeto ngati siginecha. Ena afika pomapemphera kwa Mulungu wa abusa akutiakuti, chithunzi cha abusawo chili pakhoma ndi pa galimoto ngati chithumwa. Kumbukirani njoka yamkuwa ija, anailamula ndi Mulungu yemwe m'chipululu ndipo inathandiza anthu, koma Aisraeli atayamba kuifukizira lubani mfumu Hezekiya anaiphwanya, zili pa 2 Mafumu 18:4. Ndipo Baibulo lathunthu tili nalo m'chinenero chathu kuyambira 1922, anthu anavutika nalo zaka zambiri kulimasulira, koma lero zolengeza zimatha nthawi yaitali kuposa kuwerenga Mawu, owerengayo amachita kuthamanga ngati akutichedwetsa. Zimenezi ndi za abusa ndi akulu ampingo, inu simungazikonze nokha, koma mukapeza mpata pa msonkhano muzinene mwaulemu.

Kupuma pang'ono nkololedwa. Ngati mutayesa zonsezi mukuonabe kuti simungathe kupemphera popanda maiki, kambiranani ndi abusa anu mupume mwezi umodzi, muzikhala pakati pa anthu, muzifika molawirira, muziyimba ngati wina aliyense, tsiku lobwerera likhale lodziwika kale. Zimenezo nzosiyana ndi kuthawa. Munthu amene akuvutika mumtima ndi funso ngati lanuli ndi amene ine ndimafuna akhale kutsogolo, amene amandiopsa ndi uja sanadzifunsepo.

Ndipo akulu ampingo aja musawatenge ngati mdani. Pitani kwawo sabata ino, muwauze kuti bambo mawu anu aja ndawaganizira, ndikupempha mundisankhire nyimbo imodzi ya m'buku yomwe mumaikonda kuposa zonse, mundiuze chifukwa chake, timu yathu iiphunzire. Mukhale pansi muwamvetsere mpaka amalize, chifukwa nthawi zambiri kuseri kwa nyimbo yotero kumakhala maliro a mayi awo kapena tsiku lomwe anabatizidwa. Mukatero muiyimbe Lamulungu lotsatira, pa kiyi yoti iwowo akwanitse, ndipo vesi yomaliza muwasiyire anthu.